Lipoti la nkhani: patenti ya mankhwala oletsa dzimbiri m'mapaipi, ndi chinsinsi chimene tinachisiya kunja kwake

Kampani imene nkhaniyi ikukhudza ndi yaing'ono, yopanga makemikolo othira m'madzi amene mafakitale amaziziritsira makina. Madzi otere amazungulira m'mapaipi achitsulo usana ndi usiku, ndipo akapanda kuthiridwa mankhwala mapaipiwo amadyeka ndi dzimbiri. Dzina la kampani sinditchula, ndipo manambala a msakanizo ndawasintha dala, koma ndondomeko ya zochitika ndi yomweyi. Ntchito yanga inali kuilembera mapempho a patenti, chikalata cha boma choletsa ena kugwiritsa ntchito luso limene watulukira, ndi kuiimira ku maofesi ounika mapemphowo.

Chimene akatswiri ake awiri a mu labotale anatulukira sichinali kemikolo yatsopano. Anatenga zinthu ziwiri zodziwika kale, phosphonate ndi polymer ina yosungunuka m'madzi, n'kupeza kuti ukathira gawo limodzi la phosphonate pa magawo 4 mpaka 6 a polymer, dzimbiri limachepa kuposa mmene munthu angayembekezere atawonkhetsa mphamvu ya chilichonse pachokha. Zambiri zimene makampani a makemikolo amalembetsa n'zotere: msakanizo, mlingo, kagwiritsidwe ntchito katsopano ka chinthu chakale. N'chifukwa chakenso zimavuta kuteteza, poti wopikisana naye amangoti, "zonsezi tinkazidziwa kale."

Masampulo amene anali atatuluka kale

Ndisanatsegule n'komwe mabuku a mu labotale, ndinafunsa ngati botolo lina lililonse linali litatulukapo pageti. Akatswiri aja anakana. Woyang'anira zamalonda anayamba wakhala chete, kenako anavomera kuti masampulo anapita ku mafakitale atatu. Awiri anasaina mgwirizano wosunga chinsinsi. Wachitatu sanasaine kanthu. "Bwana wa kumeneko ndi mnzathu wakalekale," anatero, "timangokhulupirirana."

Ku Ulaya chikhulupiriro chotere sichiwerengedwa pokhapokha utasonyeza kuti mbali zonse zinkadziwa kuti katunduyo ndi wachinsinsi. Ndime 54 ya European Patent Convention, pangano la mapatenti la mayiko a ku Ulaya, imati chilichonse chimene anthu akanatha kuchidziwa tsiku lolembetsa lisanafike, kaya kudzera m'zolemba, m'mawu kapena m'kugwiritsa ntchito, sichatsopanonso. Pa makemikolo lamuloli limaluma kwambiri. Chigamulo cha G 1/92 cha bwalo lalikulu la apilo la European Patent Office chinati zimene zili mkati mwa katundu wopezeka kwa anthu zimatengedwa kuti n'zodziwika ngati katswiri angathe kumuyeza ndi kumupanganso, ngakhale pasakhale amene anamuyezadi. Chigamulo cha G 1/23 cha mu 2025 chinangothina pamenepo. Ku America wotulukira amapatsidwa chaka chimodzi choti alembetse ataulula kale yekha. Ku Ulaya kuli miyezi 6 yokha, ndipo ndi ya amene waberedwa nzeru kapena waonetsa katundu pa chionetsero chovomerezeka mwapadera. Sampulo yopatsa mnzako silowa m'menemo.

Chimene chinatipulumutsa ndi chizolowezi cha mmodzi wa akatswiri aja. Pa msakanizo uliwonse umene ankapanga, ankapatulako pang'ono m'kabotolo kabulauni, n'kulembapo nambala ndi tsiku ndi cholembera chakuda, n'kukaika pashelefu yapamwamba imene anzake ankadandaula kuti yadzaza. Nambala imene inali pa chikalata chotumizira katundu ku fakitale yachitatu tinaipeza pa kabotolo kamodzi, mizere iwiri kumbuyo. Sitinakatsegule tokha. Tinakatumiza kosatsegula ku labotale yoima payokha, ndipo zotsatira zinagwirizana ndi buku la katswiriyo: unali msakanizo wakale, gawo limodzi pa limodzi, wopangidwa asanatulukire mlingo wabwino uja. Choncho chatsopanocho chinali chisanaululike. Komabe kuyambira tsiku limenelo ndinkatenga msakanizo wa 1:1 ngati chinthu chodziwika kale kwa anthu, ndipo pempho lonse ndinalilemba mouzemba.

Kulemba pempho

Mtima wa patenti ndi ma claims, ziganizo za manambala zimene zimaika malire a chimene mwini akuti n'chake. Pa makemikolo pali njira yolembera banja lonse la makemikolo ofanana m'chiganizo chimodzi, yotchedwa Markush, potengera Eugene Markush amene ofesi ya patenti ya ku America inamuvomera kulemba motero mu 1924 pa utoto umene anapanga. Mkulu wa kampani anali atamva za njirayi ndipo ankafuna titchule phosphonate aliyense amene alipo padziko. Akatswiri ake anali atayesa atatu okha.

Ndinakana, ndipo tinatsutsana kwa nthawi ndithu. Iwo ankaona kuti malire akakula ndiye kuti chitetezo chakula. Koma chigamulo cha T 939/92, pa nkhani ya kampani ya AgrEvo ndi makemikolo opha udzu, chinanena momveka mu 1995 kuti ngati luso lako lagona pa mphamvu ina ya kemikolo, mphamvuyo ikhale yokhulupirika pa zonse zimene watchula. Ukatchula mazana utayesa atatu, wapatsa wotsutsa ntchito yophweka: angopeza mmodzi wosagwira. Tinagwirizana kuti tilembe banja lapakatikati, la amene kapangidwe kawo n'kofanana ndi atatu aja, ndipo labotale iyesenso ena.

Nthawi yoyesera inalipo. Pangano la Paris la 1883 limapatsa wolembetsa miyezi 12 kuchokera pa pempho loyamba kuti alembetse kwina atasunga tsiku lake loyamba. Tinapereka pempho loyamba mwamsanga, kuopa kuti sampulo ina ingatuluke, ndipo chaka chimenecho labotale inathera pa mndandanda umene ndinaipatsa: phosphonate yekha, polymer yokha, kenako zosakaniza pa 1:1, 1:2, 1:3 mpaka 1:10, m'madzi olimba ndi ofewa, otentha ndi ozizira. Akatswiri sakonda kulemba zoyesa zimene sizinayende bwino. Ndinaumirira kuti zonse zilowe, chifukwa nambala yabwino siyankhula kanthu popanda yoipa pambali pake. Miyezi 12 isanathe tinapereka pempho la PCT, njira ya pangano la 1970 loyendetsedwa ndi WIPO, bungwe la United Nations loona za mapatenti, ku Geneva, limene lili ndi mayiko oposa 150. PCT sipereka patenti. Imangokusungira malo mpaka miyezi 30 kuchokera tsiku loyamba, kapena 31 ku European Patent Office, kuti usankhe mayiko utadziwa kumene msika uli.

Apa pali chinthu chimene makasitomala amachimva mochedwa. Pempho likaperekedwa, sungaonjezeremo nkhani yatsopano. Ndime 123(2) ya ku Ulaya ndi youma pamenepa kuposa malamulo a mayiko ambiri: ngati mlingo wa 1:3 mpaka 1:7 sunalembedwe m'pempho loyambirira, sungautulutse m'thumba pakatha zaka zinayi wounika akakupanikiza, ngakhale uli mkati mwa 1:2 mpaka 1:10 umene unalemba. Ndiye ndinalemba malire osanjikizana, akuluakulu kunja, ang'onoang'ono mkati, 1:2 mpaka 1:10, 1:3 mpaka 1:7, 1:4 mpaka 1:6, aliwonse ndi zoyesa zake. Mkulu wa kampani atawerenga anati ndikubwereza zinthu kuti ndichulukitse masamba. Ndinangomupempha kuti andilole.

Chikalata cha ku Japan

Lipoti la kafukufuku wa PCT linabwera ndi pempho lakale la ku Japan limene ife sitinalipeze pofufuza. Linkatchula makemikolo awiri omwewa, pa ntchito yomweyi, pa mlingo wotambalala kwambiri umene unameza wathu wonse. Akatswiri anagwa mphwayi. Koma zitsanzo zenizeni za m'chikalatacho zinali kutali ndi ife, china pa 1:1 china cha ku 1:15, ndipo panalibe mawu osonyeza kuti pakatipo pali chodabwitsa. Malamulo a ku Ulaya amalola kusankha kachigawo kopapatiza mkati mwa mlingo wodziwika, bola kakhale kopapatizadi ndiponso kotalikirana ndi zitsanzo zakale, kenako usonyeze kuti kusankhako kuli ndi phindu limene katswiri wamba sakanaliyembekezera. Tinayankha ndi tebulo la zoyesa zija. Wounika wa European Patent Office ku Munich anavomera 1:2 mpaka 1:10. Wa ku America anafuna chikalata cholumbirira cha katswiri, ndipo tinafika pa 1:3 mpaka 1:7.

Zimene zinatulukira pathanki yaikulu

Pempho la PCT litaperekedwa kale, kampani inayamba kupanga mankhwalawa m'mathanki akuluakulu, ndipo vuto linabuka limene m'botolo la mu labotale silinkaoneka. Mgolo ukakhala milungu ingapo m'nyumba yosungira katundu, pansi pake pankakhazikika matope oyera. Mankhwala ankagwirabe ntchito ukawavundula, koma palibe fakitale imene imafuna kuvundula mgolo. Injiniya wa pafakitale analimbana nazo miyezi, mpaka anapeza kuti nkhani yagona pa chimene chimayamba kuthiridwa, liwiro lothirira, ndi kutentha kwa thanki pa mphindi zoyambirira. Akatsata ndondomeko yake, madziwo ankakhala oyera mbee ngakhale patapita nthawi yaitali.

Mkulu wa kampani, amene tsopano anali atazolowera za mapatenti, anafuna ina yachiwiri. Apa ndi pamene ndikuona kuti nkhaniyi inaweruzidwira, ndipo malangizo anga anali oti tisalembetse.

Patenti ndi msinthano. Boma limakupatsa zaka 20 kuchokera tsiku lolembetsa, iwe n'kuulula zonse momveka kuti katswiri wina athe kuchita zomwezo, ndipo pempho limasindikizidwa pakatha miyezi 18, kaya patenti idzaperekedwa kaya ayi. Walira mvula walira matope. Pa msakanizo kuululako sikunatitayitse kanthu, popeza aliyense wogula mgolo akhoza kuuyeza ndi makina a chromatography n'kudziwa zili mkati, komanso malamulo a chitetezo amakakamiza wopanga kutchula makemikolo oopsa pa chikalata choperekezera katundu. Msakanizo sukanabisika, choncho unkayenera patenti. Ndondomeko ya pathanki ndi nkhani ina. Ndinafunsa akatswiri funso limodzi: wina atakupatsani mgolo wa wopikisana nanu wopanda matope, mungadziwe kuti anathira chiyani poyamba? Anati ayi. Ndiye kuti tikanaphunzitsa dziko lonse njira yathu, osatha kugwira ngakhale mmodzi woiba kuseri kwa mpanda wa fakitale yake.

N'zoona kuti ndime 34 ya pangano la TRIPS la 1995, la mayiko a m'bungwe la zamalonda la WTO pa nkhani za umwini wa nzeru, imalola khoti kulamula woimbidwa mlandu kuti asonyeze yekha kuti njira yake ndi yosiyana ndi yolembetsedwa. Koma kuti ufike pamenepo uyenera kukhala utatsegula kale mlandu, m'dziko limene fakitale yake ili, ndi ndalama zimene kampani yaing'ono ilibe. (Makampani a ku Germany anakhala ndi mutu umenewu kwa zaka pafupifupi 90: lamulo lawo la 1877 linkateteza njira yopangira kemikolo yokha, osati kemikoloyo, mpaka 1968.)

Ndinafunsanso loya wa ku America ngati kubisa njirayi sikukanaononga patenti ya msakanizo, poti kumeneko wolembetsa amayenera kutchula njira yabwino koposa imene akuidziwa. Yankho linali lakuti chimene chimawerengedwa ndi chimene wotulukira ankadziwa tsiku lolembetsa, ndipo njira ya pathanki inabwera pambuyo. Pempho lathu linkaphunzitsa mokwanira kupanga msakanizo wogwira ntchito. Zikanakhala kuti popanda njira yobisikayo msakanizo sugwira n'komwe, malangizo anga akanakhala ena.

Chinsinsi chili ndi mtengo wake. Sichikuteteza kwa amene watulukira yekha njira yomweyo, ndipo iyeyo akhoza kuilembetsa. Zikatero chimene chimakutsalira ndi ufulu wa amene ankagwiritsa kale ntchito, umene m'mayiko ambiri umangogwira m'dziko limene unkapangiramo, ndipo umafuna umboni wa masiku. Choncho ndondomeko yonse inalembedwa, kusainidwa, ndi kusungitsidwa kwa loya m'envelopu yomata yokhala ndi chidindo cha tsiku. Komanso ndime 39 ya TRIPS, monganso Defend Trade Secrets Act ya ku America ndi lamulo la European Union, onse awiri a 2016, imateteza chinsinsi pokhapokha mwini wake atachitapo kanthu kuti achisunge. Makhoti safuna zosatheka. Mu 1970 khoti la apilo ku America linaimira kumbuyo DuPont pamene ojambula anauluka ndi ndege pamwamba pa fakitale yake ya methanol ku Beaumont, Texas, isanafoleredwe, ponena kuti kampani siyenera kumanga denga pongoopa azondi a mumlengalenga. Koma amafuna kuona kuti unayesetsa. Ndipo zinsinsi zambiri zimatuluka ndi anthu a mkati: njira ya DuPont yopangira titanium dioxide inadutsa mwa mainjiniya ake akale isanafike kwa Walter Liew, wamalonda amene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu woba chinsinsicho mu 2014.

Pafakitale tinachita zinthu zazing'ono zooneka. Pepala lopachika pathanki linasiya kutchula mayina a makemikolo ndi madigiri, linangokhala ndi zilembo ndi manambala a mabatani. Ndondomeko yonse ankaidziwa anthu ochepa olembedwa mayina. Alendo, kuphatikizapo ogulitsa makina, ankasiya mafoni pakhomo.

Katswiri atachoka

Mmodzi wa otulukira awiri aja, osati wa timabotolo, anapeza ntchito ku kampani yopikisana nayo. Zikalata zosamutsira umwini wa lusolo ku kampani anali atasaina pempho loyamba lisanaperekedwe, pamene onse ankamwera limodzi tiyi, ndiye panalibe zomuthamangira. Tsiku lotsanzikana anakhala pansi ndi mkulu wa kampani, anaonetsedwa mndandanda wa zimene ndi zachinsinsi, anasaina kuti wabweza mabuku ndi kompyuta. Kwa olemba ntchito ake atsopano tinatumiza kalata yaulemu yowadziwitsa kuti munthuyu ali ndi udindo wosunga chinsinsi, osatchula chinsinsicho. Mkulu wa kampani ankafuna kalata yoopseza. Ndinamuuza kuti munthu ali ndi ufulu wopita ndi luso lake la ukatswiri, ndipo palibe chimene walakwa.

Chitsutso ku Munich

Patenti ya ku Ulaya ikaperekedwa, aliyense ali ndi miyezi 9 yoitsutsa. Chitsutso chinabwera sabata yomaliza, monga mwa nthawi zonse. Wotsutsa anali ndi zida ziwiri: chikalata cha ku Japan chija, ndi kalata yochokera ku fakitale ya "mnzathu wakalekale" yotsimikiza kuti analandira sampulo popanda pangano lililonse. Ankati sampuloyo inali msakanizo wolembetsedwawo. Tinapereka chikalata chotumizira katundu, tsamba la m'buku la labotale, ndi zotsatira za labotale yoima payokha. Bwalo la anthu atatu linavomera kuti sampulo inali ya 1:1.

Pamene tinagonja ndi pa m'mphepete. Wotsutsa anati kuchoka pa 1:1 yodziwika kupita pa 1:2 ndi kusuntha kumene katswiri aliyense akanayesa, ndipo anabweretsa zoyesa zake zosonyeza kuti pa 1:9 ndi 1:10 mphamvu yodabwitsa ija kulibe. Kunena zoona, tebulo lathu lomwe linkasonyeza kuti kumeneko phindu n'lochepa. Tinapereka zoyesa zatsopano za pakatipo, ndipo zinalandiridwa chifukwa chigamulo cha G 2/21 cha mu March 2023, pa nkhani ya mankhwala opha tizilombo a Sumitomo Chemical, chimalola umboni wobwera pambuyo ngati mphamvu imene ukuitsimikiza ikuchokera m'chiphunzitso cha pempho loyambirira. Mawu oti makemikolo awiriwa amathandizana anali m'pempho lathu kuyambira tsiku loyamba, ndi manambala ake. Patenti inatsala, koma pa 1:3 mpaka 1:7, mlingo wachiwiri wa malire osanjikizana aja. Ukanapanda kulembedwa, tikanagwera pa 1:4 mpaka 1:6 kapena kutaya zonse. Palibe mbali imene inachita apilo.

Pamene nkhani ili tsopano

Wotsutsa uja akugulitsa mankhwala ake. Tinagula mgolo pamsika, ndi lisiti, n'kuuyezetsa: uli pa 1:8. Mkulu wa kampani anapsa mtima, akuti uku n'kuba poyera, ndipo anafunsa ngati khoti silingaone kuti 8 ndi 7 n'chimodzimodzi. Mayiko ambiri ali ndi lamulo lolola mwini patenti kugwira amene wasintha kanthu kakang'ono kopanda tanthauzo. Koma malire a manambala makhoti sakonda kuwatambasula, makamaka amene mwini wake anawachepetsa yekha kuti patenti ipulumuke. Ku America chigamulo cha Festo cha 2002 chimati chimene unachisiya pounikidwa chimatengedwa kuti unachitaya, pokhapokha utapereka chifukwa chomveka. Ndinalangiza kuti tisasume. Ndinapempha kuti miyezi ingapo iliyonse tizigula mgolo wina n'kuuyeza, chifukwa wopanga amene akufuna mphamvu yeniyeni amakopeka kutsikira pa 1:6, ndipo akatsika tidzakhala ndi umboni m'manja.

Mgolo umene tinagula uja tinausiya m'nyumba yosungira katundu. Patatha milungu ingapo pansi pake panali matope oyera. Izi zinatiuza kuti katswiri amene anachoka uja sanaulule kanthu, kapena ngati anaulula sizinafike pathanki, ndipo woyang'anira zamalonda tsopano amayenda ndi mabotolo awiri oonekera mkati akamakaona makasitomala.

Pa mayiko amene tinalowamo pa miyezi 30, awiri tawasiya chaka chino, chifukwa kulibe fakitale ya wopikisana naye kapena kasitomala wamkulu, pomwe ndalama zosungira patenti zimakwera chaka ndi chaka. Ya ku America yalipiridwa pa zaka zitatu ndi theka, ndipo malipiro ena adzafunika pa zaka 7 ndi theka ndi pa 11 ndi theka. Labotale ikuyesa polymer yamtundu wina imene ikuoneka kuti ikugwira pa mlingo wotsika. Ndawauza kuti pempho lathu loyamba, popeza linasindikizidwa, tsopano lidzawerengedwa ngati chodziwika kale potsutsa chatsopanocho, ndiye zoyesa ziyerekezedwe ndi msakanizo wathu womwe wa 1:5. Fomu yotulutsira sampulo pageti tsopano ili ndi malo awiri osainapo, ndipo mlonda saloleza botolo kudutsa ngati malo achiwiriwo, a mgwirizano wosunga chinsinsi, ali opanda kanthu.